Funsani Azaumoyo: Chimfine Chikagwira Chifuwa, M'matumbo Mumachitika Zotani?

Makalata amene tayankha mwezi uno akukhudza nkhani imodzi: zimene zimachitikira mabakiteriya a m'matumbo munthu akadwala chimfine, fuluwenza, RSV (kachilombo kogwira njira za mpweya, makamaka mwa makanda) kapena COVID-19. Mayina a olemba sitinawatchule, ndipo makalata ena tawafupikitsa.

Mayi wina walemba kuti: "Mwana wanga wa zaka 4 anadwala fuluwenza. Anayamba ndi kutentha thupi komanso chifuwa, koma pa tsiku lachitatu anayamba kutsegula m'mimba. Palibe chachilendo chimene anadya, ndipotu chakudya ankangochikana. Matenda a m'chifuwa amatsikira bwanji m'mimba?"

Pepani ndi matenda, mayi. Mawu anu akuti chakudya ankangochikana ndi amene asenza theka la yankho, ndiye tiyambire pomwepo.

M'thupi la munthu wamkulu muli mabakiteriya pafupifupi 38 thililiyoni, ndipo ochuluka zedi amakhala m'matumbo aakulu. Onse pamodzi amalemera magalamu pafupifupi 200. Amenewa si alendo obwera ndi matenda, ndi eni khomo. Chakudya chawo chachikulu ndi faiba, gawo la zomera limene mimba ndi matumbo aang'ono amalephera kugaya: makoko a nyemba, gaga wa mbewu, timaulusi ta m'masamba ndi m'zipatso. Faiba ikafika m'matumbo aakulu, mabakiteriya amaiphwanya n'kutulutsa timaasidi titatu, acetate, propionate ndi butyrate. Pa magawo 10 alionse, pafupifupi 6 amakhala acetate, ndipo enawo amagawana awiriawiri.

Butyrate ndiye chakudya cha maselo amene anayala khoma la m'kati mwa matumbo aakulu. Pomugwiritsa ntchito, maselowo amamaliza okosijeni yense wa pamalopo, moti m'kati mwa thumbo mumakhala mopanda okosijeni. Umu ndi mmene amafunira mabakiteriya abwino monga Faecalibacterium prausnitzii ndi Roseburia, chifukwa okosijeni amawapha. Tsono taonani zimene zimachitika mwana akakana chakudya masiku atatu. Faiba siifika. Butyrate amachepa. Maselo a khoma aja samalizanso okosijeni, ndipo okosijeniyo amayamba kudontha kulowa m'thumbo. Mabakiteriya abwino amalowa pansi, pamene a gulu la Escherichia coli, omwe okosijeni sawaopa, amaswana. Ena akasowa faiba amatembenukira ntchofu yoterera imene imakuta khoma la matumbo n'kuyamba kuidya. Khoma limene ntchofu yake yapyapyala silichedwa kunyerenyetseka, ndipo silitha kuyamwa madzi bwino. Chimbudzi chimatuluka chamadzi.

Ofufuza a ku Imperial College London anaona zimenezi pa mbewa za mu labotale. Mu 2018 anapeza kuti mbewa zodwala RSV kapena fuluwenza zinali ndi mabakiteriya ambiri a gulu la Bacteroidetes, pamene a gulu la Firmicutes, la mabakiteriya abwino aja, anachepa. Mu 2020 anatenga mbewa zathanzi, zopanda kachilombo kalikonse, n'kuzichepetsera chakudya. Mabakiteriya ake nawonso anasintha. Apa zinaonekeratu kuti njala ya wodwala payokha imasokoneza m'matumbo.

Njira yachiwiri ndi chitetezo cha m'thupi. Mapapo ndi matumbo amatumizirana asilikali kudzera m'magazi. Mu 2014, asayansi a ku Hefei ku China anasonyeza kuti mbewa ikadwala fuluwenza, maselo ena a chitetezo otchedwa T amachoka m'mapapo n'kukafika m'matumbo aang'ono. Kumeneko amatulutsa interferon, mankhwala a m'thupi olimbana ndi mavairasi, ndipo zimenezi zinasintha mabakiteriya n'kuvulaza khoma la matumbo. Kachilombo ka fuluwenza sanakapeze m'matumbomo. Kwa anthu, kusanza ndi kutsegula m'mimba pa nthawi ya fuluwenza kumaoneka kwambiri mwa ana kusiyana ndi akuluakulu.

Onaninso mankhwala amene mwana anamwa. Oseltamivir, mankhwala a fuluwenza, amachititsa nseru ndi kusanza kwa ena. Ibuprofen amawawitsa m'mimba akamwedwa popanda chakudya. Amoxicillin amatsegula m'mimba kawirikawiri.

Chofunika tsopano ndi madzi. Sungunulani paketi imodzi ya ORS mu lita imodzi ya madzi aukhondo, osapungula kapena kuwonjezera madziwo, ndipo otsala muwataye pakatha maola 24. Mwana wosakwana zaka 2 amwe mamililita 50 mpaka 100 nthawi iliyonse akachita chimbudzi chamadzi, ndipo wa zaka 2 mpaka 10, monga wanuyu, amwe 100 mpaka 200. Akasanza, dikirani mphindi 10 kenako muyambirenso ndi supuni, pang'onopang'ono. Mpatseni zinki wa mamiligalamu 20 tsiku lililonse kwa masiku 10 mpaka 14, ngakhale kutsegulako kutasiya msanga. Mukaona magazi m'chimbudzi, maso olowa, kusakodza kwa maola ambiri, kusanza chilichonse chimene wamwa, kapena kugona kovuta kumudzutsa, thamangirani naye kuchipatala.

Bambo wina akuti: "Ndikangomva chimfine ndimamwa amoxicillin masiku awiri kapena atatu, makamaka mamina akasanduka obiriwira, ndipo ndimachira. Cholakwika n'chiyani pamenepa?"

Bambo, tikupemphani ndi mtima wonse kuti musiye. Chimene chimakuchiritsani si amoxicillin. Chimfine chimafika pachimake pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu, kenako chimayamba kuzilala chokha, ndipo ambiri amapeza bwino m'masiku 7 mpaka 10. Inu mumamwa mankhwala pa nthawi imene thupi layamba kale kupambana.

Amoxicillin amapha mabakiteriya powalepheretsa kumanga khoma lawo lakunja. Mavairasi a chimfine, omwe ambiri ndi a gulu la rhinovirus la mitundu yoposa 100, alibe khoma lotero, choncho mankhwalawa amangowadutsa. Za mamina obiriwira, mtunduwo umachokera ku maselo oyera a m'magazi amene afika m'mphuno kudzamenya nkhondo. Ali ndi puloteni yobiriwira yokhala ndi ayironi. Amabwera kaya mdaniyo ndi vairasi kapena bakiteriya, ndiye mtundu wa mamina suuza munthu chilichonse pa za maantibayotiki.

Amene amalandira mankhwala anuwo ndi mabakiteriya a m'matumbo, pa nthawi yomwe afooka kale ndi njala ija tafotokoza. Mu 2018 ku Copenhagen, amuna 12 athanzi anapatsidwa maantibayotiki atatu amphamvu kwa masiku 4 okha. Mabakiteriya awo anatenga pafupifupi mwezi ndi theka kuti ayandikire mmene analili poyamba, ndipo patapita masiku 180, mitundu 9 imene onse anali nayo poyamba sinapezekebe mwa ambiri a iwo. Mankhwala amenewo ndi amphamvu kuposa amoxicillin, koma inu mumabwereza chimfine chilichonse, ndipo m'matumbo simupatsidwa mpata wobwerera m'chimake.

Pali chinanso chimene anthu ambiri sachiyembekezera. Mabakiteriya a m'matumbo amathandiza kuti mapapo akhale tcheru. Mu 2011, gulu la Akiko Iwasaki ku yunivesite ya Yale ku America linapeza kuti mbewa zomwetsedwa maantibayotiki zinkapanga chitetezo chofooka polimbana ndi fuluwenza. Mu 2019, ku Francis Crick Institute ku London, mbewa pafupifupi 80 pa 100 zilizonse zokhala ndi mabakiteriya abwinobwino zinapulumuka fuluwenza, koma pa zimene zinayamba zamwa maantibayotiki inkapulumuka imodzi yokha pa zitatu. Chifukwa chake n'chakuti mabakiteriya amatumiza uthenga umene umachititsa maselo a m'mapapo kukhala okonzeka ndi interferon kachilombo kasanafike. Uthengawo ukaduka, kachilombo kamayamba kuswana popanda wokaletsa m'masiku oyambirira.

Kumwa masiku awiri n'kusiya kumaphunzitsanso mabakiteriya otsalawo kupirira mankhwala. Tsiku limene mudzadwale chibayo chenicheni kapena matenda a m'chikhodzodzo, amoxicillin angadzakhale wopanda mano. Ndipo m'matumbo mukachepa eni khomo, bakiteriya wotchedwa Clostridioides difficile amapeza malo, n'kuyambitsa kutsegula m'mimba koopsa, makamaka kwa okalamba.

Maantibayotiki ali ndi nthawi yake, ndipo woidziwa ndi dokotala atakupimani. Pitani mukaonedwe ngati mwadutsa masiku 10 osasintha, ngati munayamba kupeza bwino kenako thupi latenthanso mwamphamvu, ngati mukubanika, mukumva kulasa m'chifuwa popuma, kapena khutu likutuluka mafinya. Kupanda zimenezi, pumulani, imwani madzi, ndipo ngati mutu ukuwawa imwani paracetamol wa mamiligalamu 500 mpaka 1,000 pa maola 6 alionse, osapitirira magalamu 4 pa tsiku.

Wowerenga wina akufunsa: "Anzanga amati kuli chimfine cha m'mimba. N'chimodzimodzi ndi fuluwenza?"

Ayi. Matenda osanza ndi kutsegula m'mimba mwadzidzidzi amene ena amawatcha choncho amayamba ndi mavairasi ena, makamaka norovirus ndi rotavirus, omwe amaswana m'matumbo mwenimwenimo ndipo amafala kudzera m'chimbudzi, m'masanzi ndi m'manja osasamba. Fuluwenza amaswana m'mphuno, pakhosi ndi m'mapapo. Katemera wa fuluwenza sateteza ku norovirus kapena rotavirus.

Mayi amene akusamalira bambo awo okalamba walemba kuti: "Bambo anga a zaka 74 anadwala fuluwenza, anayamba kupeza bwino, kenako patatha sabata anagonekedwa ndi chibayo. Masiku onsewo ankangomwa tiyi basi. Kodi kusadyako kunathandizira?"

Mayi, musadziimbe mlandu. Kudyetsa munthu wokalamba amene m'kamwa mukuwawa ndi ntchito yovuta, ndipo chibayo chobwera pambuyo pa fuluwenza chimagwira ngakhale osamalidwa bwino. N'chakalekale: pa mliri wa 1918, ambiri mwa amene anamwalira anaphedwa ndi chibayo cha mabakiteriya chimene chinalowa kachilombo katatsegula njira.

Chifukwa choyamba chili m'mapapo momwemo. Njira za mpweya zili ndi titsitsi ting'onoting'ono timene timasesa makhololo ndi tizilombo kupita kukhosi. Fuluwenza amapha maselo okhala ndi titsitsi timeneti. Zikatero, mabakiteriya monga Streptococcus pneumoniae, amene amakhala mwakachetechete m'mphuno ndi pakhosi pa anthu ambiri athanzi, amatsetsereka mpaka pansi pa mapapo.

Koma funso lanu lili ndi mfundo. M'timatumba ta mpweya ta m'mapapo mumakhala maselo otchedwa macrophage, ntchito yawo ndi kumeza ndi kupha bakiteriya aliyense wofika pamenepo. Acetate wochokera m'matumbo amayenda m'magazi ndipo amawonjezera mphamvu ya maselo amenewa. Mu 2020, gulu la François Trottein ku Lille ku France linapeza kuti mbewa zodwala fuluwenza zinkadya mochepa, timaasidi ta m'matumbo tinkatsika, ndipo ma macrophage ake ankalephera kupha Streptococcus pneumoniae. Anatenga mabakiteriya a m'matumbo a mbewa zodwalazo n'kuwaika m'mbewa zathanzi, ndipo nazonso mapapo ake anafooka polimbana ndi chibayo. Atazipatsa acetate, chitetezocho chinabwerera. Choncho njira ndi ya uku ndi uku: mapapo amasokoneza matumbo, matumbo osokonezekawo n'kubwezera kufookako ku mapapo, ndipo zimenezi zimagwa cha kumapeto kwa sabata yoyamba, nthawi imene banja limaganiza kuti zoopsa zadutsa.

Akatuluka m'chipatala, bambo amalize maantibayotiki monga mmene dokotala walembera, chifukwa apa ndiye pamalo pake. Afunseni madokotalawo za katemera wa fuluwenza, amene amabayidwa chaka ndi chaka popeza kachilomboka kamasinthasintha, komanso za katemera wa chibayo. Ulendo wina akadzayamba zizindikiro za fuluwenza, musadikire. Oseltamivir amagwira bwino ntchito akayambidwa m'maola 48 oyambirira. Dziwaninso kuti okalamba ambiri akadwala chibayo satentha thupi kwenikweni. Chimene mungaone ndi kusokonezeka mutu, kugonagona, kugwa, kapena kupuma mofulumira.

Mnyamata wina akuti: "Ndinadwala COVID-19 ndipo ndinkatsegula m'mimba. Ndamva kuti kachilomboka kamapezeka m'chimbudzi. N'zoona?"

N'zoona, achimwene, ndipo apa COVID-19 amasiyana ndi fuluwenza wamba. Kachilombo ka SARS-CoV-2 kamalowa m'selo pogwira puloteni yotchedwa ACE2, ndipo maselo a m'matumbo aang'ono ali nayo yambiri. Kamatha kulowa m'khoma la matumbo mwachindunji. Ofufuza a ku yunivesite ya Stanford ku America anatsatira odwala 113 ndipo mu 2022 anafalitsa zoti pafupifupi theka anali ndi zizindikiro za kachilomboka m'chimbudzi sabata yoyamba, ndipo ochepa anali nazobe patatha miyezi 7. N'chifukwa chake mayiko ambiri ankayeza madzi a m'masuweji kuti adziwe mmene mliri ukuyendera m'mizinda.

Ku Chinese University of Hong Kong anayeza chimbudzi cha odwala 100, ndipo mu 2021 anafotokoza kuti mitundu ya mabakiteriya abwino monga Faecalibacterium prausnitzii, Eubacterium rectale ndi Bifidobacterium inali yochepa, ndipo inakhalabe yochepa mpaka masiku 30 kachilombo katatha. Amene anadwala kwambiri ndi amenenso mabakiteriya awo anasokonezeka kwambiri. Ku New York University anapeza mu 2022 kuti mwa ena ogonekedwa m'chipatala, mabakiteriya a m'matumbo ankadutsa khoma lofookalo n'kulowa m'magazi.

Njira yaikulu yofalira matendawa ndi mpweya, koma kusamba m'manja ndi sopo kwa masekondi 20 pochoka kuchimbudzi musakusiye.

Mayi wina akufunsa mwachindunji: "Ndiye wodwala chimfine chachikulu adye chiyani, ndipo chochuluka bwanji? Mwamuna wanga akadwala safuna kuona mbale."

Cholinga si kumaliza mbale, mayi. Cholinga n'chakuti tsiku lisadutse popanda kanthu kochokera ku zomera kufika m'matumbo. Kusowa chilakolako kumachokera ku mankhwala a chitetezo amene amafika ku ubongo, choncho kukalipira wodwala sikuthandiza. Chimene chimathandiza ndi kachulukidwe ndi nthawi.

Mpatseni chakudya kasanu kapena kasanu ndi kamodzi pa tsiku, masupuni ochepa nthawi iliyonse, m'kambale kakang'ono. Mbale yodzaza imabweza mtima wa wodwala asanalawe n'komwe. Nthawi yabwino ndi pamene thupi lazizirako, pafupifupi mphindi 45 kapena ola atamwa paracetamol. Ayambe wamina ndi kutsuka m'kamwa, chifukwa mphuno yotsekeka imapha kukoma kwa chakudya. Zofunda ndi zamadzimadzi zimatsika bwino pakhosi powawa.

Masiku oyamba, pamene thupi likutentha, sankhani faiba yofewa: phala la mbewu zosachotsa gaga, nthochi yakupsa, karoti kapena dzungu lophika mpaka kufewa, msuzi wa nyemba zophwanya bwinobwino. Anyezi ndi adyo wophikira mu msuzi ali ndi faiba yotchedwa inulin imene Bifidobacterium amaikonda kwambiri. Inulin yemweyu ndi amene ofufuza a ku Lausanne ku Switzerland anadyetsa mbewa, ndipo mu 2018 anafotokoza kuti zinkapulumuka fuluwenza kuposa zinzake, mapapo ake osawonongeka kwambiri.

Akayamba kupeza bwino, muyambe kukwera kupita pa mlingo wa munthu wathanzi. Bungwe la WHO limati wamkulu azidya faiba yosachepera magalamu 25 pa tsiku, ndi masamba ndi zipatso zosachepera magalamu 400. Mwana wa zaka 2 mpaka 5 amafunika magalamu 15 a faiba, wa zaka 6 mpaka 9 magalamu 21. Kuti muone kukula kwake: theka la kapu ya nyemba zophika lili ndi magalamu pafupifupi 7, nthochi imodzi 3, apulo wosasenda 4, karoti mmodzi 2. Nyemba ndi zimene zimakweza chiwerengero msanga.

Pamene ambiri amalakwitsa ndi pa liwiro. Munthu amene wakhala sabata osadya akangodya mbale yaikulu ya nyemba ndi masamba osaphika, mimba imatupikana, mpweya umadzaza, amamva kupotokola, n'kunena kuti nyemba zimamudwalitsa. Vuto n'lakuti mabakiteriya ophwanya faiba achepa ndipo akufunika masiku kuti aswanenso. Onjezerani pang'ono masiku awiri kapena atatu alionse, ndi madzi okwanira, chifukwa faiba yopanda madzi imadzimbitsa. Muzisinthasintha mitundu ya zomera. Bakiteriya aliyense ali ndi faiba yake imene amaitha.

Zakumwa zotsekemera kwambiri ndi majuwisi osasungunula zimakokera madzi m'matumbo n'kukulitsa kutsegula m'mimba. Mowa udikire. Ena akatsegula m'mimba amavutika ndi mkaka kwa masabata angapo, chifukwa maselo ogaya shuga wa mumkaka amakhala pamwamba penipeni pa khoma la matumbo ndipo ndi oyamba kukokoloka. Zimatha zokha maselowo akamera. Kwa mwana amene wachira, onjezerani chakudya chimodzi pa tsiku kwa masabata awiri kuti abwezeretse thupi.

Wowerenga wina akuti: "Ndigule makapisozi a probiotic kuti ndibwezeretse mabakiteriya pambuyo pa fuluwenza? Nanga yogati?"

Ngati ndinu wathanzi ndipo mwangodwala fuluwenza basi, ife sitikuona chifukwa chogulira makapisozi a probiotic, omwe amakhala ndi mabakiteriya amoyo. Mabakiteriya anu sanathe, angochepa, ndipo chimene akusowa ndi chakudya. Kapisozi imakhala ndi mitundu yochepa, kawirikawiri Lactobacillus ndi Bifidobacterium, pamene m'matumbo mwanu muli mitundu mazana. Opanga butyrate aja, monga Faecalibacterium, sapezeka m'makapisozi wamba chifukwa amafa akakumana ndi mpweya.

Mu 2018, ku Weizmann Institute ku Israel anapatsa anthu 21 maantibayotiki kwa sabata. Amene pambuyo pake anamwa probiotic wa mitundu 11, mabakiteriya awo achilengedwe anachedwa kubwerera kwa miyezi ingapo poyerekeza ndi amene anangosiyidwa kuti achire okha. Obwerawo anakhala pamalo pa eni ake.

Si kuti alibe ntchito. Mitundu iwiri, Lactobacillus rhamnosus GG ndi yisiti wotchedwa Saccharomyces boulardii, imachepetsa kutsegula m'mimba kobwera ndi maantibayotiki. Dokotala akakulangizani kumwa probiotic wa mabakiteriya, musiyanitse ndi antibayotiki ndi maola awiri. Anthu amene chitetezo chawo chatsika kwambiri, amene akulandira mankhwala a khansa, ndi makanda obadwa masiku asanakwane asamwe popanda dokotala, chifukwa tizilomboti tikhoza kulowa m'magazi.

Yogati wopanda shuga wambiri, wokhala ndi mabakiteriya amoyo, ndi chakudya chabwino kwa wochira. Amatsika mosavuta, ali ndi puloteni, ndipo gawo la shuga wa mumkaka limakhala litagayidwa kale. Ku Stanford mu 2021, pa kafukufuku wa anthu 36 wa masabata 10, amene ankadya zakudya zosasitsa kangapo pa tsiku anachulukitsa mitundu ya mabakiteriya a m'matumbo mwawo, ndipo zizindikiro za kutupa m'magazi zinatsika. Mu yogatiyo ikanimo nthochi kapena chipatso china kuti faiba ipite nawo limodzi.

Mayi woyamwitsa walemba kuti: "Mwana wanga wa miyezi 5 ali ndi RSV ndipo akuyamwa pang'ono. Ine ndili ndi chimfine. Ndipitirize kuyamwitsa?"

Pitirizani, mayi, ndipo muzimuyamwitsa pafupipafupi kuposa kale. Mkaka wanu uli ndi chitetezo chimene thupi lanu likupanga polimbana ndi kachilombo komweko. Ulinso ndi mitundu yoposa 100 ya shuga wapadera amene khanda siligaya. Amadutsa mpaka m'matumbo aakulu kukadyetsa Bifidobacterium, amene ndi mwini matumbo a khanda loyamwa. Kwa mwana wa msinkhu uwu, imeneyo ndiyo faiba yake, ndipo safunikira madzi, uchi kapena probiotic. Uchi ndi woopsa kwa mwana wosakwana chaka.

Akuyamwa pang'ono chifukwa khanda limapuma ndi mphuno poyamwa. Mudonthezereni madontho awiri a madzi a mchere a m'mphuno, ogula kufamase, m'mphuno iliyonse, pukutani mamina, ndipo muyamwitseni atakhala chotsamira. Akatopa msanga, finyani mkaka mum'mwetse ndi kapu kapena supuni. Sambani m'manja musanamugwire.

Werengani kapumidwe kake kwa mphindi yathunthu ali phee. Kwa mwana wa miyezi 2 mpaka 11, kupuma ka 50 kapena kupitirira ndi kofulumira. Wosakwana miyezi 2 malire ndi 60, wa chaka chimodzi mpaka zaka 5 ndi 40. Pansi pa nthiti pakamalowa m'kati popuma, milomo ikada, akamabuula, akamadukiza kupuma, akamayamwa osafika theka la masiku onse, liwombo likalowa, kapena matewera akauma kwa maola ambiri, pitani naye kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale usiku. RSV imakula pa tsiku lachitatu mpaka lachisanu, ndiye masiku amenewo muzimuyang'anitsitsa.

Kalata yomaliza ndi ya bambo amene akuti: "Fuluwenza inatha masabata atatu apitawo koma m'mimba mukubangulabe, chimbudzi sichikuyenda ngati kale. Zidzatha liti?"

Kwa munthu amene sanamwe maantibayotiki ndipo wayambanso kudya bwino, m'mimba mumakhazikika m'masabata ochepa. Ngati munamwa maantibayotiki, werengerani mwezi ndi theka kapena miyezi iwiri. Pambuyo pa COVID-19 ena amatenga nthawi yaitali kuposa pamenepo. Kubangula ndi mpweya pa nthawi imeneyi kawirikawiri ndi chizindikiro chakuti mabakiteriya akuyambiranso kuphwanya faiba.

Muzidya pa nthawi yofanana tsiku lililonse, muziyenda mphindi 20 kapena 30 ngati mphamvu zabwerera, ndipo yesani kusiya mkaka kwa masabata awiri muone ngati pali kusintha. Lembani pa pepala kangati mukupita kuchimbudzi pa tsiku, mmene chikuonekera, ndi mankhwala onse amene munamwa, mayina ndi masiku ake. Pepala limeneli lidzamuthandiza dokotala kuposa kungonena kuti m'mimba simuli bwino.

Musadikire ngati mukuona magazi, chimbudzi chakuda bii ngati phula, kuwonda mosadziwika chifukwa, kutsegula kokudzutsani usiku, kapena kutentha thupi. Ngati munamwa maantibayotiki m'miyezi itatu yapitayi ndipo mukuchita chimbudzi chamadzi katatu kapena kupitirira pa tsiku, uzani dokotala kuti ayeze Clostridioides difficile, ndipo musamwe loperamide woletsa kutsegula m'mimba musanapimidwe, chifukwa amatsekera poizoni wa bakiteriyayo m'kati. Ngati mwadutsa zaka 50 ndipo kachitidwe ka chimbudzi kakhalabe kosintha pakatha masabata 4, kapimitseni matumbo ngakhale mukumva bwino, chifukwa kusintha kotero kumayambanso ndi matenda ena osakhudzana ndi fuluwenza.